Onga wonyowa ndi ufumu wa kwa Kasisi

Ife a m'mbali mwa nyanja tikamva za Chikwawa timangoganiza za dzuwa loswa mtengo. N'zoona, chigwa cha Shire chimatentha. Koma amene anagonako m'miyezi ya Juni ndi Julayi amadziwa kuti m'bandakucha mtsinje umafuka nkhungu, udzu umadontha mame, ndipo pamwamba pa mapiri a Thyolo pamakuta chiperoni kwa masiku angapo. Kwa mlimi, imeneyi ndi nyengo wamba ya chisanu. Kwa munthu amene moyo wake unali pa mfuti ya gogodela, inali nyengo yogona khutu lili kunja. Tikufuna tione mbiri ya kwa Kasisi kudzera pa mfuti imeneyi, pakuti ufumuwo unadzuka nayo, ndipo malire a mphamvu zake anali malire a mfutiyo.

Mu 1860 David Livingstone anachoka kwa Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, ndi kagulu ka amuna osafika makumi awiri. Anthu anawatcha Amakololo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anali a mitundu ina yolamulidwa ndi Amakololo. Mu 1861 anatsala pamudzi wa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Analibe abale kumeneko, analibe minda, chinenero chinali chachilendo. Anali ndi mfuti basi. Kenaka kunagwa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, pamene nkhondo zogwira akapolo zinali zitabalalitsa kale Amang'anja. Wokhoza kupha njovu kapena mvuu ndiye anali ndi nyama yogawa, ndipo wogawa nyama ndiye anthu ankamuunjirira. Patangopita zaka zochepa alendo aja anathyola mphamvu za Lundu n'kugawana mtsinje: Chipatula, Maseya, Katunga, Mlauli, ndi wamkulu wawo Ramakukan, amene dzina lake lina, Kasisi, ndilo dzina la ufumuwo mpaka lero.

Mfuti zimene zinadzaza dziko lino pa nthawiyo zinkachokera ku Ulaya, zambiri ku Birmingham, n'kutsikira pa madoko a Quelimane, Ibo ndi Kilwa. Pano tisadzibise kuseri kwa chala. Amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili, makolo a ambiri a ife, ankasenza mfuti ndi timigolo ta onga kuchokera kugombe, ndipo zolipirira zake zinali minyanga ya njovu ndi anthu. Kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa Makanjira ndi kwa Mponda onga unali chuma chofanana ndi nsalu. Amakololo anatseka chigwa chawo kwa ogula akapolo ochokera kunja, ndipo ambiri anathawira kwa iwo, komabe ulamuliro wawo pa Amang'anja unali wa dzanja lolemera.

Gogodela amadyera kukamwa. Mlenje ankathira onga kuchokera m'nyanga, n'kutsekera ndi kansanza kapena kachidutswa ka nyanda, n'kuponyamo chipolopolo, n'kusindira zonse ndi ndodo. Kugogoda kumeneko ndiko kukumveka m'dzina lake. Zoyatsira zinali za mitundu iwiri. Mfuti zakale zinali ndi mwala umene unkakhula chitsulo n'kugwetsera nthethe pa onga pang'ono wokhala m'kambale kapambali. Zapambuyo pake zinali ndi kachipewa kamkuwa, kamene Aswahili amati fataki, kophulika kakamenyedwa.

Tsono vuto lenileni linali pati? Anthu amati chisanu chimafooketsa onga, koma mdani wamkulu ndi chinyezi chimene chimabwera ndi chisanucho. Onga ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre, umene umatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Onga wamalonda wotumizidwa kuno nthawi zambiri unali wotsika, ndipo mchere wosayeretsedwa bwino umakoka madzi a mumpweya monga umachitira mchere wa m'khitchini nthawi ya dzinja. Onga ukayamwa chinyezi umayaka mwaulesi. Nthawi zina kambale kankangoti phe, mfuti osalira. Nthawi zina inkalira mochedwa, mlenje atasuntha kale dzanja, chipolopolo n'kupita kwina. Choopsa koposa chinali kuganiza kuti yakana, n'kuitsitsa paphewa kuti aione, iyo n'kulira pamenepo.

Palinso china chimene aliyense wa ife anachionapo pa botolo la madzi ozizira. Mfuti ikagona panja usiku wa chisanu, chitsulo chimazizira. Mwiniwake akalowa nayo m'nyumba mmene muli moto, chitsulocho chimachita thukuta kunja ndi m'kati momwe, ndipo madziwo amatsikira kumene kuli onga. Motero woiteteza ku mame poisendeza kumoto ndiye ankainyowetsa. Njira yotsimikizika inali yowawa: kuwomba kapena kutulutsa onga wogonera n'kuthira wina wouma m'mawa. Koma onga unayenda miyezi pamitu ya anthu kuti ufike kuno, ndipo kuutaya chotero kunali ngati kukhuthulira ufa pansi m'chaka cha njala. Apa m'pamene pankasiyana mfumu yokhala ndi timigolo tambiri ndi mlenje wa nyanga imodzi.

Mwaye nawonso unali ndi mlandu wake. Onga woterewu ukapsa, pafupifupi theka lake limasanduka utsi ndi zotsalira zolimba. Zotsalirazo zimamatirira mumpope, zimakoka chinyezi, ndipo zikagonera zimabala dzimbiri. Ukawomba kangapo osatsuka, chipolopolo chimayamba kukakamira panjira. Chikaima osafika pa onga, mpope ukhoza kuphulikira m'manja. Mankhwala ake anali madzi otentha, nsanza youma ndi mafuta pang'ono. Ifetu timaona kuti pa zida zonse za nthawiyo, gogodela ndiye ankalanga ulesi msanga.

Za kulunjika tinene mwachidule. Mpope wake unali wosalala m'kati, wopanda mizere yozunguza chipolopolo, ndipo chipolopolocho chinali chochepa kuyerekeza ndi bowo, choncho chinkatuluka chikugundagunda. Mtovu ukasowa ankasula zipolopolo zachitsulo, zopepuka ndi zosalingana. Ofuna mphamvu ankawonjezera onga, n'kungowonjezera kugunda kwa paphewa ndi ngozi. Chotsala chinali kuyandikira. Livingstone analemba kuti mu 1859 anawerenga njovu 800 m'dambo limene lero limatchedwa Elephant Marsh. Minyanga imene inachoka m'madera amenewa inapezedwa ndi anthu okwawa m'bango lonyowa mpaka kumva kupuma kwa nyamayo, ali ndi mpata umodzi wokha wowombera.

Kwa zaka zoposa makumi awiri zimenezi zinali zokwanira. Mfuti za Ramakukan zinkalondera madooko a Shire poopa Angoni, ndipo minyanga yake inkagulidwa ndi African Lakes Company. Mu 1884 Mzungu wina, George Fenwick, anawombera Chipatula pa mkangano wa malonda. Anthu a Chipatula anamupha, ndipo sitima ya Lady Nyassa inamizidwa. Ngakhale Azungu ankayenda pamtsinjewo mwa chilolezo cha mafumuwa.

Koma ku Ulaya mfuti inali itasintha. Snider ndi Martini-Henry zinkadyera kumbuyo, onga ndi chipolopolo zili zotsekeredwa m'chikhokhombe chamkuwa chimene mame sangalowe. Ramakukan anamwalira mu 1888. M'mwezi wa Novembala 1889 ankhondo a Mlauli anakumana ndi gulu la Mpwitikizi Serpa Pinto kumunsi kwa Shire, atanyamula mbendera za Britain zimene anapatsidwa, ndipo anagwa ambiri pamaso pa mfuti zamakono. Amene anabweza Apwitikizi si onga wa m'chigwa ayi, koma kalata yoopseza imene boma la Britain linatumiza ku Lisbon pa 11 Januwale 1890. Chaka chomwecho pangano la ku Brussels linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a mbali yaikulu ya Africa, n'kusiya khomo lotsegukira mfuti zamwala ndi onga wamalonda wokha. Mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo nkhondo za Harry Johnston zinafika kwathu kunyanja, kwa Makanjira ndi kwa mafumu ena, kumene gogodela anakumananso ndi zomwe anakumana nazo kwa Mlauli.

Mfutiyo sinafe. Amisiri a m'midzi anaphunzira kuisula ndi mipope wamba, ndipo inapitiriza kulira m'tchire mobisa. Ku Majete, kufupi ndi kwa Kasisi komweko, njovu zinali zitatheratu pofika 1992, ndipo zina zinachita kubwera pa magalimoto bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2003.