Mgwirizano wa Mayiko Polimbana ndi Achifwamba a Panyanja

Dziko la Malawi lilibe doko pa nyanja yamchere, komabe mafuta, feteleza ndi katundu wina amene limagula kunja amabwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. N'chifukwa chake mbiri ya uchifwamba wa pa Nyanja ya India imakhudza ngakhale mlimi amene sanaonepo nyanjayo.

Boma la Siad Barre litagwa m'chaka cha 1991, dziko la Somalia linatsala lopanda asilikali olondera gombe lake. Sitima zachilendo zinayamba kupha nsomba m'madzi ake popanda chilolezo, ndipo anyamata ena osowa ntchito anatola mfuti. Poyenda pa mabwato aliwiro, iwo ankalanda sitima zamalonda ndi kusunga amalinyero mpaka eni sitimazo atapereka dipo.

Mayiko anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, pakuti nyanja ndi yotakasuka ndipo chigawenga sichilabadira malire. Mu Disembala 2008 mayiko a ku Ulaya anatumiza sitima zankhondo pa ntchito yotchedwa Atalanta, kuti ziziperekeza sitima zonyamula chakudya chopita ku Somalia. Mu Januwale 2009 mayiko a m'chigawochi anasainirana pangano ku Djibouti lakuti azidziwitsana za achifwamba.

Ataona kuti kumpoto kwatentha, achifwamba analowera kummwera. Mu Disembala 2010 iwo analanda sitima yausodzi ya Vega 5 pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Pa chifukwachi, m'chaka cha 2011 dziko la South Africa linatumiza sitima yankhondo kukalondera kufupi ndi Pemba, ndipo mu 2012 linachita pangano lothandizana ndi Mozambique komanso Tanzania.

Koma asilikali osadziwana sangathandizane tsiku la ngozi. Motero mu 2011 dziko la America ndi mayiko a kum'mawa kwa Africa anayamba zoyeserera zotchedwa Cutlass Express. Pa zoyesererazi asilikali amaphunzira kutumizirana mauthenga, kukwera sitima yokayikitsa ndi kusunga umboni wokaonetsa kubwalo lamilandu. Umboniwo ndi wofunika, pakuti achifwamba ambiri ogwidwa ankaweruzidwa ku Kenya ndi ku Seychelles.

Zipatso zake zinaoneka. M'chaka cha 2011 achifwamba a ku Somalia anaukira sitima kokwana 237, koma mu 2012 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 75. Alonda amfuti amene eni sitima anayamba kulemba ntchito anathandizanso kwambiri.

Komabe kumapeto kwa 2023 achifwamba analandanso sitima yamalonda yotchedwa Ruen. Izi zinaonetsa kuti mgwirizano wa panyanja umasadza nthambi chabe. Muzu wa uchifwamba uli kumtunda, kumene umphawi ndi kusowa kwa boma lolimba zimakankhira achinyamata m'bwato.