Mawu akuti "depress": matanthauzo atatu, gwero limodzi

Mneni wa Chingerezi "depress" amamveka kusukulu yoyendetsa galimoto, m'nkhani za chuma ndiponso kuchipatala. Anachokera ku mawu a Chilatini akuti "deprimere", kutanthauza kukanikizira pansi, ndipo matanthauzo ake atatu onse atsamira pa ganizo limeneli.

Loyamba ndi kukanikiza chinthu kuti chitsike. Mphunzitsi akanena kuti "depress the clutch", akuuza wophunzira kuti aponde klatchi. Mawu ofanana nawo ndi "press down" ndi "push down".

Lachiwiri ndi kugwetsa mitengo, malipiro kapena malonda, monga chimanga chimatsikira mtengo chikachuluka pamsika nthawi yokolola. Apa mawu olowa m'malo ndi "lower" ndi "reduce". Dzina lakuti "Great Depression", la kugwa kwa chuma kumene kunayamba ku United States mu 1929 n'kufalikira m'mayiko ambiri, linachokera pa tanthauzoli.

Lachitatu ndi kukhumudwitsa kapena kufooketsa munthu. Ofanana nawo ndi "sadden", "dishearten" ndi "dispirit".

Pa tanthauzo lachitatuli m'pofunika kusamala. Pocheza, munthu anganene kuti ali "depressed" chifukwa timu yake yagonja. Koma kwa dokotala, "depression" ndi matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wodwala amakhala wokhumudwa kapena wosasangalala ndi zimene ankakonda, pafupifupi tsiku lililonse, kwa masabata osachepera awiri. Chotero wofotokoza vuto lake kuchipatala asangotchula mawuwa, koma anenenso kuti lakhala nthawi yaitali bwanji.