Mbiri ya Kugwirira Ntchito Kunyumba, ndi Phindu la Kufunsa Antchito

Kale ku Mangalande, mafakitale asanabuke, woomba nsalu ankagwirira ntchito m'nyumba mwake momwe, mkazi ndi ana akupota ulusi pambali pake, wamalonda nangobweretsa ubweya wa nkhosa ndi kudzatenga nsalu itatha. Koma pamene Richard Arkwright anamanga fakitale yopota thonje ku Cromford m'chaka cha 1771, anthu anayamba kudzutsidwa ndi belu nalondola makina kumene anali. Ndipo mwambo umenewo unalowerera mpaka m'maofesi, kotero kuti kwa zaka pafupifupi 200 munthu ankayesedwa wantchito pokhapokha ataonekera pamaso pa kapitawo.

Mmodzi wa oyamba kuphwanya mwambowo anali mayi Stephanie Shirley, amene mu 1962 anakhazikitsa kampani ya Freelance Programmers nalemba ntchito amayi olera ana, kuti azilemba mapulogalamu a kompyuta ali kwawo, ndi pensulo, pepala ndi lamya basi. Makampani aakulu anatsatira pambuyo, koma kaŵirikaŵiri mwa lamulo lochokera kumwamba; ndipo chimene mkulu mmodzi anapereka, mkulu wina ankalanda. IBM, imene inayamba kuika makina m'nyumba za antchito ake mu 1979, inaitanitsa anthu zikwizikwi kuti abwerere kuofesi mu 2017, monga momwe Yahoo inachitira mu 2013.

Njira ina inaoneka ku Shanghai, pa kampani yokonza maulendo ya Ctrip, chakumapeto kwa 2010. Akuluakulu ake, pothandizana ndi Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford, anayamba ndi kufunsa antchito oyankha mafoni kuti ndani akufuna kugwirira kunyumba; ndipo mwa ofunawo anthu 249 anagawidwa pakati potengera tsiku lobadwa, ena natsala paofesi, ena napita kwawo masiku anayi pa sabata, tsiku limodzi n'kumabwera kudzaonana ndi anzawo. Itatha miyezi 9, kunapezeka kuti akunyumba aja anagwira ntchito yoposa ya anzawo ndi 13 peresenti, pakuti kunyumba kunali bata ndipo sankajomba kaŵirikaŵiri.

Mkulu wopupuluma akadalamula pomwepo kuti onse apite kwawo, ndipo akadalakwa, pakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Eni kampaniyo anafunsanso antchito, nawalola kusankha okha. Ndipo taonani, pafupifupi theka la amene anali kunyumba anapempha kubwerera, ponena kuti kusungulumwa kunawakwana, pamene ena amene anatsala paofesi anasamukira kwawo. Aliyense atakhala pamalo pomuyenera, phindu lija linakwera kufika pa 22 peresenti, chifukwa wantchito ankadziŵa za moyo wake zimene kaundula wa abwana sakadaulula: ngati ali ndi chipinda chachete, ngati m'nyumbamo muli khanda kapena nkhalamba yodwala, ngati mtima wake umapirira kukhala yekha.

Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, funso linasintha, osatinso lakuti kunyumba kapena kuofesi, koma lakuti masiku angati kuno, angati uko. Kampani yomweyo, itatenga dzina la Trip.com, inayesanso mu 2021 ndi antchito 1,612, ena mwa iwo akuloledwa kukhala kwawo Lachitatu ndi Lachisanu. Ndipo osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ntchito osabwerera m'mbuyo, mpaka oyang'anira amene poyamba ankakayika anasintha maganizo.

Chifukwa chake mtsogoleri amene lero akukonza zogaŵa sabata pakati pa nyumba ndi ofesi achita bwino kusonkhanitsa anthu ake lamulo lisanalembedwe, kuti apangane ntchito zimene zifuna kukhalira pamodzi ndi masiku okumana, kenaka ayese kwa miyezi ingapo, nadzawafunsenso kachiŵiri. Pakuti ku Shanghai kunali kufunsa kwachiŵiriko kumene kunaonjezera phindu.