Mbiri ya Dzina la Chicano m'Mayunivesite a ku United States

Kale dzina loti Chicano linkanyoza anthu osauka a mtundu wa ku Mexico okhala ku United States. M'zaka za m'ma 1960 achinyamata adalitenga n'kuyamba kulinyadira. Mu 1968 ophunzira a ku East Los Angeles adanyanyala sukulu, ndipo chaka chomwecho California State College ya ku Los Angeles idatsegula dipatimenti yophunzitsa mbiri ndi moyo wa anthu amenewa. Msonkhano wa ku Santa Barbara mu 1969 udabala bungwe la ophunzira la MEChA.

Pa kalembera wa 1980 boma lidagwiritsa ntchito dzina loti Hispanic, lomwe ena adalikana poti limaloza ku Spain, dziko la atsamunda. Pambuyo pake mayunivesite ambiri adatengera loti Latino kuti a ku Puerto Rico, Cuba ndi El Salvador, omwe dzina loti Chicano silinkawakhudza, alowemo, ngakhale limaphimba kusiyana kwa mbiri zawo.