Makhanda: tauni imene inasiya dzina la msilikali n'kutenga la mkaidi

M'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku doko la Gqeberha, muli tauni yaing'ono ya m'chigwa imene moyo wake umatsata kalendala ya sukulu. Ophunzira a pa Rhodes University akafika mu February, misewu imadzaza, eni nyumba amakolola lendi, ogulitsa zakudya sapuma. Akapita kwawo kumapeto kwa chaka, tauni yonse imangoti zii. Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene anakaphunzira kumeneko zaka zam'mbuyomu amaidziwa ndi dzina loti Grahamstown. Kuyambira mu 2018, mapepala a boma amati Makhanda. Eni nthaka olankhula Chixhosa akamakwera minibasi amangoti akupita eRhini, dzina limene akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira kale osadikira chilolezo cha boma lililonse.

Mchewa akamva Makhanda maganizo amathamangira kwa makanda a kumsana. Ayi ndithu, limeneli ndi dzina la munthu, monganso Graham anali munthu. Ndipo amene amakhala m'katikati mwa tauniyi amakumana ndi nkhani ya anthu awiriwa tsiku lililonse, ngakhale atapanda kutsegula buku la mbiri.

Msana wa tauniyi ndi msewu waukulu wotchedwa High Street. Umayambira pa chipata chakale cha Drostdy Arch, polowera ku yunivesite, n'kutsetsereka mpaka pa tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Michael and St George, chimene nsonga yake imaonekera kulikonse m'chigwacho. Pakati pa chipata ndi tchalitchi pali bwalo lalikulu la milandu, maofesi a maloya, mabanki, mashopu ndi nyumba zakale zimene ophunzira amachita lendi m'magulu, zimene iwo amazitcha "digs". Wokhala pamenepa safuna galimoto. Ku kalasi, ku banki, kokagula buledi, kokapemphera, konse ndi wapansi, ndipo matchalitchi ndi ochuluka kwambiri moti tauniyi inapatsidwa dzina losereula loti mzinda wa oyera mtima. Koma mukaima pa chipata chija n'kuponya maso kum'mawa kupyola nsonga ya tchalitchi, mumaona phiri lokhala ndi mitengo pamwamba, m'mbali mwake muli tinyumba tothithikana ta Fingo Village, Tantyi ndi Joza. Phirilo ndi Makana's Kop. Pamene mwaimapo ndi mbali ya Graham, kumene mukuyang'anako ndi mbali ya Makhanda.

John Graham anali mkulu wa asilikali wochokera ku Scotland. Mu 1811 bwanamkubwa wa Cape, John Cradock, anamutuma kuti akachotse Axhosa m'dera lotchedwa Zuurveld n'kuwakankhira kutsidya kwa mtsinje wa Great Fish. Graham anaigwira ntchitoyo mopanda chisoni. Asilikali ake anatentha minda ya mapira ndi chimanga itatsala pang'ono kucha, analanda ng'ombe, anawombera anthu obisala m'tchire. Mfumu Chungwa, nkhalamba yodwala, inaphedwa. Pofika mu 1812, anthu pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo a Mfumu Ndlambe, anali atathamangitsidwa m'dziko lawo. Kuti asabwerere, panafunika malikulu a asilikali, ndipo Graham anasankha famu ina yosiyidwa m'chigwachi. Chaka chomwecho Cradock anatcha malowo Graham's Town pomuthokoza. Choncho tauniyi sinayambe ngati msika kapena mishoni. Inayamba ngati linga lolondera malo olandidwa, ndipo dzina lake linali mphotho ya wolandayo.

Makhanda anali munthu wa mtundu wina. Sanabadwire ku banja lachifumu. Anatchuka chifukwa cha pakamwa pake ndi maulosi ake. Poyamba ankamvetsera amishonale, ankabwera m'tauni ya asilikaliyi kudzakambirana za Mulungu ndi m'busa wawo, ndipo ankalalikira zotsutsa ufiti ndi chigololo. Ataona mmene Azungu ankachitira ndi anthu ake, uthenga wake unasintha, n'kukhala mlangizi wamkulu wa Ndlambe. Anali wamanzere, motero anthu ake ankamutchanso Nxele, limene tanthauzo lake ndi lomwelo. Mabunu anamasulira dzinali m'chilankhulo chawo kukhala Links, ndipo Angerezi polimva molakwika analemba Lynx, dzina la nyama ya m'tchire.

Mu 1818 gulu la Ndlambe linagonjetsa Mfumu Ngqika, bwenzi la Angerezi, pa nkhondo ya Amalinde. Angerezi analowerera n'kulanda ng'ombe pafupifupi 23,000. Kwa anthu amene chakudya, malowolo ndi ulemu wawo zonse zinali m'khola, kumeneku kunali kuwapha ali moyo. Pa 22 April 1819, dzuwa likuswa mtengo, Makhanda anatsogolera ankhondo masauzande ambiri kutsika mapiri a kum'mawa kulunjika ku Graham's Town, kumene kunali asilikali mazana ochepa motsogozedwa ndi Colonel Willshire. Tauni inatsala pang'ono kugwa. Koma nthungo sizikanalimbana ndi mizinga, ndipo Axhosa mazanamazana anafera m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kumunsi kwa tauniyo. Malowo mpaka lero amatchedwa Egazini, kutanthauza pamagazi.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'mbiri ya munthuyu ndi chimene anachita pambuyo pake. Angerezi atayamba kubwezera, kutentha midzi ndi kusakaza ziweto, Makhanda anayenda yekha kukadzipereka kwa mkulu wa boma Andries Stockenström, poganiza kuti iye akagwidwa anthu ake apuma. Anamutumiza ku chilumba cha Robben. Mu 1820 iye ndi akaidi anzake analanda boti n'kuthawa, koma botilo linagubuduzika pa mafunde pafupi ndi gombe ndipo Makhanda anamira. Kwawo anthu anakana kukhulupirira. Analonjeza kuti adzabwera, ndiye abale ake anasunga katundu wake zaka zoposa 50 asanavomere kulira maliro. Mpaka pano Mxhosa akafuna kunena za chinthu chimene anthu akuchidikira koma sichidzachitika, amachifanizira ndi kubwera kwa Nxele. Patapita zaka zoposa 140, akaidi a ndale a nthawi ya tsankho anatsekeredwa pa chilumba chomwecho, ndipo ambiri ankamuona Makhanda ngati kholo lawo, ena mpaka kutcha chilumbacho dzina lake.

Dzinali linabwerera pang'onopang'ono. Mu 2000, pokonzanso maboma ang'ono, khonsolo yoyang'anira derali inatchedwa Makana, kalembedwe kamene atsamunda anasiya. Tauni yeniyeniyo inakhalabe Grahamstown zaka zina 18, anthu akukokanakokana m'misonkhano ndi m'makalata a mu Grocott's Mail, nyuzipepala ya m'tauniyi imene inayamba mu 1870. Mu 2018 nduna ya zachikhalidwe Nathi Mthethwa inalengeza dzina latsopano, lolembedwa mmene eni chilankhulo amalitchulira. Otsutsa anakamang'ala ku khoti koma sanaphule kanthu. N'chifukwa chake lero mumaona malembedwe awiri: khonsolo ndi phiri ndi Makana, tauni ndi Makhanda.

Otsutsawo sanali onse okonda Graham. Ena ankati dzina lakale ndi limene dziko lonse likulidziwa chifukwa cha sukulu zake ndi chikondwerero cha zaluso cha National Arts Festival, chimene chinayamba mu 1974 ndipo chimadzaza tauniyi ndi alendo nyengo yozizira iliyonse. Ena ankakonda eRhini, dzina limene linali kale pakamwa pa anthu. Ambiri ankafunsa funso lovuta kuliyankha: kodi dzina litulutsa madzi pampopi?

Funso limeneli wokhala m'katikati mwa tauni amalimva m'thupi. Nyumba zakale zokongola zija zimatha kukhala masiku mipopi ili gwa. Wophunzira amadzuka m'mawa, amatsegula mpopi, umangotsokomola mpweya, ndiye amatenga ndowa ya pansi pa sinki imene anatungiratu usiku, kusamba ndi kapu, madzi otsalawo n'kusungira chimbudzi. Amene ali ndi galimoto amadzaza zigubu kumbuyo n'kupita ku kasupe wa m'mbali mwa msewu wopita ku Port Alfred, kumene loya, mphunzitsi wa pa yunivesite ndi mayi wa ku Joza amaima pamzere umodzi. Mu 2019 chilala chitakumana ndi mapaipi okalamba ndi makina osakonzedwa, zinthu zinafika poipa moti bungwe lachifundo la Gift of the Givers ndi limene linabwera ndi madzi n'kukumba mijigo. Mu January 2020 bwalo lalikulu la milandu, lomwe lija la pa High Street, linagamula kuti khonsolo ya Makana ithetsedwe chifukwa cholephera kutumikira anthu, pa mlandu umene anakasuma ndi gulu la anthu osowa ntchito la Unemployed People's Movement. M'misewu muli maenje, ndipo abulu ndi ng'ombe zimayenda momasuka mpaka pakhomo pa banki. Ngolo za abulu zimatsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa zitanyamula nkhuni, n'kudutsana ndi magalimoto a makolo obwera kudzaona ana awo ku sukulu zodula za St Andrew's ndi Kingswood.

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya amene anasintha dzina. Madzi ndi udindo wa khonsolo, ndipo iyenera kufunsidwa mwamphamvu pa dzina lililonse limene tauni ingakhale nalo. Koma kuuza mdzukulu wa anthu amene minda yawo inatenthedwa kuti pa chitupa chake, pa satifiketi yake ya sukulu ndi pa kalata iliyonse azilemba dzina la wotenthayo, n'kumulamula kuti azithokoza tsiku ndi tsiku. Kwa ife a kuno ku Malawi nkhaniyi siyachilendo. Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Hill inakhala Chitipa, ndipo kwa anzathu ku Zambia Fort Jameson inakhala Chipata. Palibe amene amadandaula lero kuti anasochera chifukwa cha kusinthako. Blantyre tinaisiya, dzina la kwawo kwa David Livingstone, ndipo ambiri saona vuto, mwina chifukwa limakumbutsa mudzi wa mmishonale osati mkulu wa nkhondo. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Si dzina lililonse lachizungu limene limaluma, koma la Graham linkaluma.

Chotsala ndi dzina la yunivesite, ndipo ili likutikhudza mwachindunji. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1904 ndi chuma chochokera ku thumba la Cecil John Rhodes, yemwe uja kampani yake inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetsere boma la atsamunda m'dziko lathu lino m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Ophunzira anachita zionetsero mu 2015 ndi 2016 kufuna kuti dzinalo lichoke, koma kumapeto kwa 2017 akuluakulu a yunivesite anavota kuti likhalebe, potchula za ndalama zimene kusinthako kukanadya ndi mbiri imene sukuluyi inapanga kale pa dzinalo. Motero mwana wa ku Zomba kapena ku Katete amene wapeza malo kumeneko amalemba adiresi yokhala ndi mayina awiri osayenderana: Rhodes pamwamba, Makhanda pansi. Pa yunivesite yomweyo, m'nyumba ya International Library of African Music, mukusungidwa nyimbo za bangwe ndi za magule zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo mwana ameneyu akhoza kukamvera mawu a agogo a kwawo.

Ophunzira ambiri amatha zaka zitatu kapena zinayi akuzungulira pakati pa chipata cha yunivesite, mashopu a pa High Street ndi malo achisangalalo a pa New Street, osadutsako tchalitchi chija kupita kum'mawa. Amachoka ndi digiri koma tauni anaiona theka. Inu amene muli kumeneko, kapena mukukonzeka kupita, patulani Loweruka limodzi, mupeze mnzanu wa konko woti akuperekezeni, mutsike kupyola tchalitchi, muwoloke kamtsinje, mukafike pa chikumbutso cha Egazini m'mphepete mwa Fingo Village. Ndi ulendo wapansi, sufuna galimoto.