Ka MG ka Azungu, Manja a M'komboni

Ife a ku Linda tinakula tikuona ma Corolla ndi ma Hiace pa Kafue Road. Agogo athu anakula akuona motoka za ku Britain: Morris Minor, Land Rover, ndi ka MG kopanda denga kamene azungu anali kunyadira nako m'tauni. MGB inayamba kupangidwa ku Abingdon mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, masipeya nawonso zii. Mu 1980 fakitale ya ku Abingdon inatsekedwa. Amakanika a m'komboni sanagwire tsaya. Gasiketi anali kuidula pa katoni, mabushi pa tayala lakutha. Makabureta awiri a SU anali kuwalinganiza ndi khutu, kapaipi ka mphira kali m'manja, kumvetsera mmene lililonse likukokera mpweya. 

Pambuyo pa 1991, motoka za salaula za ku Japan zinasefukira kudzera pa Nakonde, injini zake zofuna kompyuta. Madala odziwa kumvetsera kabureta atsala ochepa. M'mawa timawadutsa pa garaji tikuthamangira basi, osawafunsa kanthu.