Mankhwala a cilungulira ndi maantibayotiki: zofunika kudziwa

Anthu ambiri akamva cilungulira kapena kutentha m'mimba amagula mankhwala ocepetsa asidi popanda kuonana ndi dotolo. Koma mankhwalawa angathe kufooketsa mphamvu ya maantibayotiki ena, omwe ndi mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya, ngati munthu amwa zonse ziwiri panthawi imodzi.

Mmene vutoli limayambira

Mankhwala monga magnesium trisilicate, aluminium hydroxide ndi calcium carbonate ali ndi michere imene imagwirana ndi antibayotiki m'mimba. Zikagwirana motere, antibayotiki amalephera kulowa m'magazi ndipo amatuluka ndi cimbudzi. Amene amakhudzidwa kwambiri ndi ciprofloxacin, levofloxacin, moxifloxacin, doxycycline ndi tetracycline. Ciprofloxacin akamwedwa pamodzi ndi mankhwala okhala ndi magnesium ndi aluminium, gawo lolowa m'magazi lingathe kutsika ndi 85 peresenti.

Zotsatira zake n'zakuti wodwala sacira ngakhale amalize mankhwala onse, ndipo tizilombo totsala timayamba kusamva mankhwala. Izi n'zoopsa makamaka kwa odwala TB yosamva mankhwala, amene amalandira levofloxacin kapena moxifloxacin kwa miyezi yambiri.

Kusiyanitsa nthawi

Njira yopewera vutoli ndiyo kusiyanitsa nthawi yomwera. Ciprofloxacin amwedwe kutatsala maola 2 kuti munthu amwe mankhwala a cilungulira, kapena patapita maola 6 atawamwa. Levofloxacin amafuna mpata wa maola 2, pamene doxycycline amafuna maola 2 kapena 3. Mpata umafunikanso pa mapilitsi oonjezera magazi a ferrous sulphate ndi a zinc. Ciprofloxacin ndi tetracycline asamwedwe ndi mkaka kapena yogati.

Anthu omwe amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, monga TLD amene amaperekedwa m'zipatala za muno mu Zambia, atsatirenso lamulo la maola 2 ndi maola 6, cifukwa micereyi imagwiranso mankhwalawo.

Omeprazole ndi anzake

Omeprazole amagwira nchito mosiyana. Iye amacepetsa asidi amene mimba imapanga kwa tsiku lonse, motero kusiyanitsa maola sikuthandiza kwenikweni. Maantibayotiki monga cefuroxime ndi cefpodoxime a mapilitsi amafuna asidi kuti asungunuke bwino, ndipo amalowa ocepa m'magazi asidi akatsika. Zikatero dotolo ndiye angasinthe mankhwala.

Pamene amaperekedwa pamodzi mwadala

Si nthawi zonse pamene kuphatikiza kumakhala kolakwika. Mu 1982, madotolo a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kacilombo kochedwa Helicobacter pylori, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Pocilitsa matendawa, dotolo amapereka omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin, kawirikawiri kwa masiku 14. Apa kucepa kwa asidi kumathandiza maantibayotiki kupha kacilomboko.

Malangizo kwa odwala

Polandira antibayotiki kucipatala kapena kufamase, uzani wazaumoyo mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pa kantemba. Funsani nthawi yoyenera kumwera mtundu uliwonse, mezani ndi madzi akumwa okha, ndipo musasiye mankhwala panjira. Ngati patapita masiku 3 simukuona kusintha, kapena mwayamba kutsegula m'mimba kwambiri, bwererani kucipatala mwamsanga.